Angkor: mzinda wa madzi umene alendo ambiri amangoonako miyala

Makampani okonza maulendo okaona malo akamatsatsa ulendo wa ku akachisi akale a anthu a mtundu wa Khmer ku Cambodia, pulogalamu yawo imafanana pafupifupi kulikonse. Amakudzutsani cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ku hotela ya mu tauni ya Siem Reap kuti mukaonerere dzuwa likutuluka kuseri kwa nsanja za Angkor Wat. Kuchoka apo mumapita ku Bayon kukajambula nkhope zikuluzikulu zamiyala, masana ku Ta Prohm komwe mizu ya mitengo inakumbatira makoma, madzulo n'kukwera phiri la Phnom Bakheng kukaperekeza dzuwa. Ulendowu ndi wokoma ndithu. Kungoti anaukonza potengera kuwala kwa dzuwa ndi kuchuluka kwa anthu, osati mbiri. Munthu amayambira pakati pa nkhani, kulumphira kumapeto, n'kukathera tsiku pa kachisi amene anamangidwa onse enawo kulibe. N'chifukwa chake ambiri likamafika tsiku lachitatu amayamba kunena kuti miyala yonse ikungofanana.

Chimene chimasowa pa pulogalamu yotereyi ndi mzinda weniweniwo. Ku Angkor nyumba zamiyala zinali za milungu. Anthu, ngakhale mfumu imene, ankakhala m'nyumba za matabwa ndi nsungwi, zambiri zoimika pa mizati, ndipo zonsezo chiswe ndi chinyezi zinamaliza kalekale. Akatswiri akuti pachimake pake, cha m'zaka za m'ma 1200, mzindawu ndi madera ouzungulira munali anthu pakati pa 700,000 ndi 900,000. Malo otetezedwa okhawo, omwe bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1992, ndi aakulu pafupifupi masikweya kilomita 400. Mu 2012 ofufuza anauluka pamwamba pake ndi helikopita yonyamula makina a lidar, omwe amaponya kuwala pansi n'kuyeza nthaka modutsa m'mipata ya masamba. Zithunzi zomwe zinatuluka zinaonetsa misewu yodulidwa mwadongosolo, timaiwe ta pakhomo ndi timitunda tomwe pankakhala nyumba, ngakhale mkati mwa mpanda wa Angkor Wat momwe maso amangoona thengo.

Mzinda waukulu chotero unkadalira madzi. Nyengo ya kumeneko ili pawiri: mvula yambiri kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala, kenako miyezi ya dzuwa lokhalokha. Kum'mwera kwa Angkor kuli nyanja ya Tonle Sap, ya khalidwe lodabwitsa. Nthawi ya dzinja mtsinje wa Mekong umadzaza kwambiri moti umakankhira madzi chobwerera mu mtsinje wotuluka m'nyanjayi, mtsinjewo n'kutembenuka kumayenda cholowera kunyanja, ndipo nyanja imakula kangapo kuposa mmene imakhalira m'chilimwe. Madzi akamaphwa amasiya nsomba zambirimbiri ndi nthaka yachonde ya mpunga. Kumpoto kuli mapiri a Phnom Kulen, komwe kumachokera timitsinje. Mafumu anakhazika likulu lawo pakati pa mapiri ndi nyanja, n'kumanga madamu otchedwa baray pounjika dothi mbali zonse zinayi. Damu la kumadzulo ndi lotalika makilomita 8, m'lifupi makilomita awiri ndi pang'ono, ndipo mpaka lero muli madzi. La kum'mawa linauma, muli minda ya mpunga ndi midzi, moti kachisi wa East Mebon, yemwe anamangidwa pa chilumba pakati pa damulo, lero amafikako pa galimoto. Wotsogolera alendo wodziwa ntchito yake amakuonetsani masitepe omwe ankakochezapo mabwato, mtunda wouma uli pansi pake. Akatswiri akhala akukangana kwa zaka zambiri ngati madamuwa anali othirira mpunga, oletsa kusefukira kwa madzi, kapena achipembedzo. Mkanganowo sunathe, koma palibe amene amatsutsa zoti ngalande ndi madamu zinadya thukuta lochuluka mwina kuposa akachisi amene timawasirirawa.

Amene safuna kuti mutu umuzungulire ayambe ndi chaka cha 802. Malinga ndi mawu ozokotedwa pamwala patapita zaka pafupifupi 250, m'chaka chimenecho Jayavarman II anachita mwambo pa Phnom Kulen wodzilengeza kuti ndi mfumu ya mafumu, yosagonjera wina aliyense. Likulu linakhala kaye ku Hariharalaya, dera lomwe lero limatchedwa Roluos, makilomita ngati 13 kum'mawa kwa Siem Reap. Kumeneko kuli Bakong, kachisi wa mu 881 wa mfumu Indravarman I, ndipo mpomwe munthu amaona bwino maganizo omwe anadzabwerezedwa kwa zaka mazana atatu: kachisi wosanjikiza ngati phiri, kuimira phiri la Meru komwe Ahindu amati kumakhala milungu, ndi ngalande yomuzungulira kuimira nyanja. Mwana wa Indravarman, Yasovarman I, ndiye anasamutsira likulu ku Angkor cha m'ma 900, n'kumanga kachisi wake pa Phnom Bakheng, pomwe paja alendo amathamangira madzulo (masiku ano amalola anthu 300 okha pa nthawi imodzi). Mfumu iliyonse yamphamvu inkafuna phiri lakelake la mulungu wake, ndipo kawirikawiri sinkamaliza la mnzake amene yamulowa m'malo. Apa mpomwe pagona kuchuluka kwa akachisiwa.

Munthu wokhala ndi tikiti ya masiku atatu angathe kuuza womutsogolera kuti ayambire ku Roluos, apite m'tsogolo motsatira zaka, Angkor Wat adzafikeko tsiku lachiwiri. Otsogolera ovomerezeka, omwe amakhala ndi chiphaso cha boma ndipo amavala yunifolomu, ambiri sakana. Woyendetsa tuk-tuk, njinga yamoto yokoka kangolo ka mipando, ndi amene angadandaule pang'ono za mafuta, popeza misewu iwiri yozungulira yomwe aliyense amatsata, waufupi ndi wautali, inakonzedwa ndi Afalansa kuti pakhale poyenda bwino basi. Ngati mukufuna kuyesa wotsogolera, m'funseni komwe madzi a m'ngalande ya Angkor Wat amachokera. Woloweza nkhani pamtima amakubwezerani ku nthano za milungu.

Banteay Srei, makilomita oposa 20 kumpoto chakum'mawa, ndi wosiyana ndi ena onse. Anapatulidwa mu 967, ndipo sanamangidwe ndi mfumu koma ndi mlangizi wa kunyumba yachifumu dzina lake Yajnavaraha. Ndi wamng'ono, zitseko zake munthu wamtali amachita kuwerama, koma mwala wake wofiirira unalola amisiri kusema mozama ndi mwaluso loti munthu n'kumayesa ndi thabwa. Mu 1923 Mfalansa wachinyamata, André Malraux, anadula ziboliboli pamakoma ake kuti akagulitse, n'kugwidwa ku Phnom Penh. Munthu yemweyo anadzakhala nduna ya zachikhalidwe ya dziko la France.

Tsono Angkor Wat. Anamumanga Suryavarman II, yemwe analowa ufumu mu 1113 n'kulamulira mpaka cha m'ma 1150, ndipo anamupereka kwa mulungu wa Chihindu Vishnu pomwe mafumu ambiri am'mbuyomo ankapembedza mulungu wina, Shiva. Ngalande yomuzungulira ndi ya mamita 190 m'lifupi, ndipo malo onse ndi kilomita imodzi ndi theka mbali ina, kilomita 1.3 mbali inayo. Nsanja yapakati imafika mamita 65 kuchokera pansi. Miyala yamchenga yomwe anasemapo inachokera m'munsi mwa Phnom Kulen, makilomita ngati 40, ndipo ofufuza apeza njira za ngalande zomwe iyenera kuti inkadzera. Mkati mwa makoma ndi pansi pake anaikamo mwala wina wofiira wa zibowozibowo, wofewa poukumba koma wouma gwa ukaombedwa ndi mphepo. Ngalande ija si yokongoletsa chabe. Kachisi yense wakhala pa mchenga, ndipo mchenga umalimba ukakhala ndi chinyezi chosasinthasintha. Madzi a m'ngalande ndi amene amasunga chinyezicho chaka chonse. N'chifukwa chake akatswiri amada nkhawa ndi mahotela a ku Siem Reap omwe amapopa madzi a pansi pa nthaka.

Akachisi ambiri a ku Angkor amayang'ana kum'mawa, koma uyu amayang'ana kumadzulo. Ena amati n'chifukwa choti kumadzulo ndi mbali ya Vishnu, ena amati ndi mbali ya imfa ndipo kachisiyu analinso manda a mfumu. Otsatira ganizo lachiwirili amaloza zosema za m'makonde, zomwe zimawerengedwa munthu akuzungulira mosemphana ndi kayendedwe ka wotchi, monga zimakhalira pa miyambo ya maliro ya Chihindu. Kuyang'ana kumadzuloko ndi komwe kunabala bizinesi ya m'bandakucha, chifukwa dzuwa limatulukira kuseri kwa nsanja, ndipo chakumapeto kwa Malichi ndi Seputembala limatulukira pamwamba penipeni pa nsanja yapakati. Chomvetsa chisoni n'choti anthu ambiri akajambula dzuwalo amabwerera ku hotela kukadya kadzutsa, kusiya makonde omwe ali ndi chuma chenicheni. Khoma limodzi lotalika mamita 49 likuonetsa milungu 88 ndi ziwanda 92 zikukokana chinjoka Vasuki chomwe chakulungidwa pa phiri, kuvundula nyanja ya mkaka kuti mutuluke madzi opatsa moyo wosatha. Khoma lina likuonetsa Suryavarman II mwiniwake atakhala pansi pa maambulera achifumu, asilikali ake ali pa mzere ndi njovu. Pafupi pomwepo pali chiweruzo cha akufa, ndi zilango za kumoto zosemedwa mosabisa chilichonse. Pamakoma onse pali akazi akumwamba pafupifupi 1,800, tsitsi lawo lomangidwa mosiyanasiyana.

Suryavarman atamwalira ufumu unagwedezeka. Anthu a ku Champa, dera lomwe lero ndi pakati pa Vietnam, anaukira Angkor mu 1177. Amene anawathamangitsa ndi Jayavarman VII, yemwe anavekedwa ufumu mu 1181 ali kale munthu wamkulu, n'kumanga ngati wodziwa kuti nthawi yamuthera. Iye anali Mbuda. Anazinga mzinda watsopano, Angkor Thom, ndi mpanda wa mamita 8 m'mwamba, makilomita atatu mbali iliyonse, wa zipata zisanu. Pakati pake anaikapo Bayon, wa nkhope zoposa 200 zoyang'ana mbali zonse zinayi. Nkhopezo ndi za ndani, Buddha wachifundo kapena mfumu imene, akatswiri sanagwirizanebe. Koma kwa ine Bayon amaposa Angkor Wat pa chinthu chimodzi, ndicho khoma lake lakunja. Pamwamba pali nkhondo ya mabwato panyanja, ng'ona zikugwira ogwera m'madzi, koma m'munsi mwake amisiri anasema moyo wa tsiku ndi tsiku: amayi akugulitsa nsomba pamsika, amuna akumenyanitsa atambala, ena akuwotcha nyama, mayi akubereka azamba atamuzungulira, ngolo za ng'ombe zofanana ndi zomwe zikuyendabe m'midzi ya ku Cambodia. Apa mpomwe anthu a nyumba za nsungwi aja akuonekera ndi maso.

Ta Prohm anamupatula mu 1186 pokumbukira mayi ake a mfumu, Preah Khan mu 1191 pokumbukira bambo ake. Mwala wa mawu wa ku Ta Prohm umati pakachisipo pankakhala anthu 12,640, ndipo anthu 79,365 a m'midzi 3,140 ndi amene ankamudyetsa ndi kumutumikira. Umatchulanso zipatala 102 zomwe mfumuyi inamanga m'dziko lonse. Manambalawa otsogolera amawatchula monyadira, koma munthu angawawerengenso mwina: kachisi mmodzi yekha, midzi yoposa 3,000 ikumusonkhera mpunga. Za mitengo yotchuka ija, si kuti Ta Prohm anaiwalika. Afalansa anachita kusankha kumusiya choncho kuti alendo aziona mmene akachisi ankaonekera asanalambulidwe, ndipo lero akatswiri ochokera ku India amagwira ntchito yovuta yoteteza makoma ku mizu popanda kudula mitengo imene alendo amadzera.

Mukamayenda m'akachisi a Jayavarman VII mudzaona timapanga tambirimbiri tomwe wina anagoba chiboliboli n'kuchichotsa. Munali zifanizo za Buddha, ndipo zinaswedwa m'zaka za m'ma 1200 pamene Chihindu chinabwerera kunyumba yachifumu. Sichinakhalitse. Kazembe wa ku China, Zhou Daguan, yemwe anakhala ku Angkor kuyambira 1296 mpaka 1297, anapeza amonke ometa mpala ovala nsalu zachikasu ali ponseponse, a Chibuda cha Theravada chomwe anthu ambiri a ku Cambodia amatsatira mpaka lero. Zolemba zake ndi umboni wokhawo watsatanetsatane wa munthu amene anauona mzindawu uli moyo. Analemba kuti malonda a pamsika anali m'manja mwa akazi, kuti mpunga ankakolola katatu kapena kanayi pachaka, kuti anthu wamba sankaloledwa kufolera nyumba ndi matailosi, komanso kuti mabanja olemera anali ndi akapolo ambiri.

Nanga unatha bwanji? Mabuku akale amangoti mu 1431 asilikali a ku Ayutthaya, ufumu wa Athai, analanda mzindawu. Nkhondoyo ili m'mbiri, koma siyifotokoza zonse. Ofufuza atawerenga mizere ya mkati mwa mitengo yakale ya kumapiri a ku Vietnam anapeza kuti pakati pa zaka za m'ma 1300 komanso kumayambiriro kwa m'ma 1400 kunagwa chilala cha zaka zambiri, ndipo pakati pa zilalazo pankabwera mvula yoopsa. Ngalande zomwe zinakhala zikuwonjezeredwa kwa zaka mazana ambiri zinali zolumikizana kwambiri moti ina ikagumuka, madzi ankakokolola kumtunda n'kukwirira zakumunsi ndi mchenga. Pa nthawi yomweyo malonda a panyanja ndi China ankakula, ndipo dera la Phnom Penh, pomwe mitsinje imakumana, linali pabwino kuposa Angkor. Akuluakulu anayamba kusamuka pang'onopang'ono.

Komabe Angkor Wat sanasiyidwe ndi kale lomwe, ndipo apa mpomwe timapepala totsatsa maulendo timanama kwambiri tikamati "mzinda wotayika m'nkhalango" womwe Mfalansa Henri Mouhot "anautulukira" mu 1860. Amonke achibuda anakhala akupemphera pamenepo zaka zonsezo. M'zaka za m'ma 1500 mfumu Ang Chan inalamula kuti amalize kusema makoma ena omwe anatsala. Mpwitikizi wina wa chipembedzo, António da Madalena, anafikako cha mu 1586, ndipo Mjapani wina anasiya mawu olemba ndi inki pa chipilala mu 1632. Mouhot mwiniwake anachita kulondoleredwa njira ndi eni dera. Chomwe anachita n'kulemba mokoma, Azungu n'kuwerenga, ena mwa iwo n'kuyamba kukayika ngati makolo a anthu osauka omwe anawapezawo akanatha kumanga zoterezi. Ife a kuno nyimbo imeneyi timaidziwa, pakuti ndi yomweyo atsamunda ankaimba pa Great Zimbabwe. Dera la Siem Reap linali m'manja mwa Siam (Thailand ya lero) mpaka 1907, ndipo litabwezedwa akatswiri a ku France anayamba kulambula ndi kukonza akachisi, ntchito yomwe anaigwira mwakhama ndithu.

Nkhondo inadula zonsezo. Kachisi wa Baphuon anali atamuphwasula mwala umodziumodzi m'zaka za m'ma 1960 kuti amumangenso molimba, miyala pafupifupi 300,000 itayalidwa m'nkhalango ndi manambala ake. Mu ulamuliro wankhanza wa gulu la chikomyunizimu la Khmer Rouge, kuyambira 1975 mpaka 1979, mapepala ofotokoza manambalawo anatayika, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito anafa. Ntchito inayambiranso mu 1995 n'kutha mu 2011. M'zaka za chipwirikitizo mabomba okwirira pansi anadzalidwa m'madera ambiri, ndipo akuba anadula mitu ndi ziboliboli zathunthu kupita nazo ku Bangkok, kenako ku London ndi New York. Ziboliboli zopanda mitu zomwe mlendo amaziona, zambiri sizinaduke ndi ukalamba. Mngelezi wogulitsa zinthu zakale, Douglas Latchford, anaimbidwa mlandu ku America mu 2019 n'kumwalira mu 2020 mlandu usanazengedwe, ndipo banja lake linavomera kubweza zomwe anasonkhanitsa. Chiboliboli china cha ku Koh Ker, likulu lina lakale la Akhmer, chomwe chinkafuna kugulitsidwa ndi kampani ya okushoni ya Sotheby's chinabwerera kwawo mu 2014, umboni wake waukulu unali mapazi ake omwe anatsala pamalo pomwe anachithyola.

Lero Angkor ndi ndalama. Kuyambira 2017 tikiti ya tsiku limodzi ndi madola 37 a ku America, ya masiku atatu 62, ya masiku asanu ndi awiri 72. Nzika za Cambodia zimalowa ulere, ndipo madola awiri pa tikiti iliyonse amapita ku zipatala za ana za Kantha Bopha. Mu 2018 alendo akunja ogula matikiti anali pafupifupi 2.6 miliyoni. Mliri wa Covid-19 unawabalalitsa, moti mu 2024 anangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Bwalo la ndege latsopano linatsegulidwa mu Okutobala 2023, makilomita oposa 40 kuchokera mu tauni. Malowa amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la APSARA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1995, ndipo ndi lomwe limafuna kuti mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa, chifukwa kwa eni dziko awa ndi malo opempherera, osati mabwinja. Angkor Wat ali pa mbendera ya dzikolo.

Pali nkhani ina yomwe wotsogolera sangaiyambe yekha. Mkati mwa malo otetezedwawa muli midzi yoposa 100, ina ya anthu omwe makolo awo akhala pamenepo mibadwomibadwo. Kuyambira mu 2022 boma linayamba kusamutsa mabanja pafupifupi 10,000, ambiri kupita nawo ku Run Ta Ek, malo atsopano okhala kunja kwa malo otetezedwawa. Boma limati anthuwo anamanga mosaloledwa, anasamuka mwa kufuna kwawo, ndipo kuchuluka kwa nyumba kukanaika ulemu wa UNESCO pa chiswe. Bungwe la Amnesty International, mu lipoti lake la mu Novembala 2023, linati ambiri anaopsezedwa ndipo anafikira pamalo opanda nyumba, madzi okwanira kapena ntchito. Ambiri mwa iwo ankapeza chakudya pogulitsa zipatso, zakumwa ndi nsalu kwa alendo omwewo.

Ufumu wa Khmer sunathere pa malire a Cambodia ya lero, ndipo maulendo ataliatali amatsata misewu yakale yachifumu kukafika ku Phimai ndi Phanom Rung ku Thailand, kapena ku Vat Phou ku Laos. Mkati mwa Cambodia muli Sambor Prei Kuk, wa njerwa, wa m'zaka za m'ma 600, Angkor asanabadwe. Muli Koh Ker, komwe Jayavarman IV anasamutsira likulu mu 928 (linakhalako mpaka 944) n'kumanga kachisi wa nsanjika zisanu ndi ziwiri, wotalika mamita 36, yemwe UNESCO inamulemba mu 2023. Ndiye pali Preah Vihear, kachisi wa Shiva womangidwa pamphepete pa phompho la mapiri a Dangrek, pamalire penipeni ndi Thailand. Khoti la dziko lonse la ku The Hague linagamula mu 1962 kuti kachisiyu ndi wa Cambodia, potengera mapu omwe Afalansa anajambula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Thailand sinakhutire ndi za malo ozungulira. UNESCO itamulemba mu 2008 asilikali a mayiko awiriwa anaomberana mobwerezabwereza mpaka 2011, khoti linafotokozanso chigamulo chake mu 2013, ndipo mu 2025 nkhondo ya pamalire inabukanso, anthu ambirimbiri n'kuthawa m'midzi yawo mbali zonse ziwiri. Kampani ikaika Preah Vihear kapena kachisi wina wa pamalire pa pulogalamu yake, funsani kaye ngati njira ndi yotsegula musanalipire.